Funsani Adokotala: Munthu akavulala pangozi, ndani amalondoloza ngati wathandizidwa bwino?

Moni nonse owerenga. Mwezi uno mauthenga ambiri omwe afika ndi a ngozi zapamsewu, makamaka za kabaza, nde ndatola asanu omwe akuyendera limodzi kuti tiwayankhire pamodzi. Monga mwa nthawi zonse maina a anthu ndachotsa, komanso maina a zipatala zomwe ena mwadandaula nazo sindinawalembe.

FUNSO: Adokotala, ine ndi mayi wa ku Chinamwali konkuno ku Zomba. Achimwene anga anagundidwa ndi galimoto ali pa njinga yamoto, anali paulendo wa geni kutali ndi kuno. Anthu akufuna kwabwino anawanyamula pa pikiapu mpaka pa kachipatala kapafupi, amalankhula bwinobwino mpaka anandiimbira okha foni kuti alongo osadandaula ndangothyoka mwendo basi koma mmimba mukupweteka pang'ono. Pa kachipatalapo anawaika dilipi nkuwauza kuti adikire ambulansi, ambulansiyo inabwera usiku kwambiri, pofika ku chipatala chachikulu anali atafookeratu, kunja kukucha anatisiya. Anatiuza kuti magazi anatayikira mkati. Ine sikuti ndikufuna kumangitsa munthu ayi koma mtima sukukhazikika, munthu woti amalankhula yekha pa foni angamwalire bwanji? Nanga alipo amene amakhala pansi nkuona kuti apa zinalakwika pati, kapena munthu akapita basi fayilo imangotsekedwa?

YANKHO: Pepani kwambiri achemwali, Mulungu akutonthozeni inu ndi banja lonse. Fayilo yawo sindinaione nde sindinganene kuti wakuti analakwa, koma funso lanu loti munthu wolankhula angafe bwanji ndi lomwe limatisowetsa tulo ife amene tagwirapo ntchito ku casualty, kolandirira ovulala ndi odwala mwadzidzidzi, nde ndiyambire pamenepo.

Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5. Fupa la ntchafu likathyoka, lita imodzi kapena kuposa imatha kutayikira mu ntchafu momwemo osaoneka kunja olo dontho, nde pakaonjezekera kapamba kapena chiwindi chong'ambika, magazi amangodontha mmimba mwakachetechete. Thupi la munthu wamphamvu limalimbana nazo, mitsempha imafinyika, mtima umathamanga, BP imaoneka ngati ili bwino ndithu mpaka atataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magazi ake, kenako imangogwa kamodzinkamodzi. Nchifukwa chake amatha kuimba foni, kupempha madzi akumwa, kucheza ndi anesi. Zomwe zimaulula msanga ndi kugunda kwa mtima, kupuma mwa phuma, manja ozizira ndi ludzu. Koma izi umaziona ukamayeza mobwerezabwereza nkumalemba, chifukwa namba imodzi payokha siinena zambiri, koma ukaona mtima ukugunda 95, kenako 110, kenako 130 pa pepala lomwelo, umadziwa kuti munthuyu akutha ndipo dilipi yokha simupulumutsa, akufunika magazi ndi thiyeta.

Tsono pa funso lanu lachiwirilo. Eya, njira yake ilipo. Koma tiyambe tamvana kuti wovulala sathandizidwa ndi chipatala chimodzi. Zili ngati mmene timapatsirana njerwa pa chitukuko cha tchalitchi kapena mzikiti, mzere wa anthu kuchokera pa uvuni mpaka pa maziko. Woyamba ndi uja waima pamsewu nkunyamula munthu, kenako dalaivala wa pikiapu, medikala asisitanti wa pa helefu senta, woyendetsa ambulansi, wa ku labu wosunga magazi, wogonetsa anthu ku thiyeta, dokotala wa opaleshoni, anesi a mu wodi, mpaka wa mafizo. Kuchigawo chathu chino odwala kwambiri ochokera ku Mangochi, Balaka, Machinga ndi Phalombe amatumizidwa ku Zomba Central, ndipo poti Zomba ilibe chipatala chake cha disitirikiti, Central yomweyo imalandiranso a ku Jali, Mayaka, Chingale, Domasi ndi a mtauni muno. Zikakula, monga kuvulala kwa mu ubongo, ulendo umapitirira mpaka ku Queens ku Blantyre, makilomita oposa 60. Njerwa ikagwera pakati pa anthu awiri, aliyense amatha kunena zoona kuti ine ndinapereka bwinobwino, ine sindinalandire. Nde chipatala chilichonse chikamangoyang'ana pakhomo pake pokha, maola aja munthu anathera pa benchi akudikira ambulansi sakhala a wina aliyense, salowa mu bukhu la uyu, salowa mu bukhu la uyo. Mmene ndimaonera ine, pakati pa zipatala apa mpomwe tiyenera kuyang'anitsitsa kuposa pena paliponse.

Chida choyamba ndi kaundula wa ovulala, pachizungu amati trauma registry. Aliyense wofika atavulala amalembedwa zaka zake, wavulala ndi chani, kuti, nthawi yanji, wabwera pa chani, wafika nthawi yanji, waonedwa nthawi yanji, BP, mtima, kapumidwe, ngati akuzindikira, zomwe wachitidwa, ndi mmene zathera, kaya watuluka kaya watumizidwa kwina kaya wamwalira. Ku Kamuzu Central ku Lilongwe anayamba kaundula wotere mu 2008 mogwirizana ndi University of North Carolina ya ku America, ndipo zambiri zomwe tikudziwa lero za ovulala m'Malawi muno zinachokera mmenemo. Pambuyo pake, ndi thandizo la World Bank, zipatala zina za mu msewu wa M1 zinayambanso kulemba ovulala pa matabuleti.

Chachiwiri nde chomwe mukufunsacho kwenikweni. Mu 2009 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa ndondomeko ya mmene zipatala zingamaunikire ntchito yawo pa ovulala. Wovulala akamwalira, gulu limakhala pansi, osati madokotala okhaokha, anesi, ogonetsa odwala, oyendetsa chipatala onse amafunika, ndipo zimakhala bwino pakakhala wina amene sanamugwireko wodwalayo. Amawerenga ulendo wonse kuyambira pamsewu, nkudzifunsa kuti imfa iyi inali yopeweka, kapena mwina ikanapeweka, kapena inali yosapeweka. Olo pa yosapewekayo amafunsabe ngati panali china choti chikanachitika bwino, chifukwa kuchedwa komweko mawa kudzagwera munthu woti akanapulumuka.

Palinso zizindikiro zina zoti zikangooneka fayilo imatulutsidwa kuti iunikidwe, olo munthuyo atachira nkupita kwawo. Mwachitsanzo wovulala mmimba yemwe BP yake yatsika pansi pa 90 koma ola latha asanalowe mu thiyeta. Kapena wothyoka fupa lotulukira kunja amene wachedwa kulandira jakisoni wa antibayotiki. Kapena wotaya magazi amene sanapatsidwe tranexamic acid, mankhwala otchipa omwe kafukufuku wamkulu wa mu 2010, wa anthu oposa 20,000 m'maiko 40, anaonetsa kuti amachepetsa imfa, koma amagwira ntchito akaperekedwa maola 3 asanathe. Azamba amawadziwa bwino chifukwa ndi omwewo amapatsa mayi wotaya magazi akachira.

Ndipo potchula azamba, musaganize kuti izi ndi zachizungu zosatheka kuno. Mayi akamwalira pa uchembere m'dziko muno imfa yake imayenera kunenedwa ndi kuunikidwa, komiti imakhala pansi, pena mpaka kupita kumudzi kukafunsa abale kuti kuchedwa kunayambira pati. Anzathu a ku matenite anazolowera kale. Chomwe ine ndimalakalaka nchakuti wovulala pamsewu nayenso azilandira ulemu womwewo, ndipo zomwe zapezeka zizibwerera ku helefu senta yomwe inamutumiza, chifukwa nthawi zambiri medikala asisitanti uja akakweza munthu mu ambulansi samvanso kuti zinatha bwanji, nde aphunzirapo bwanji?

Komanso kukambirana kokha sikokwanira. Tinene kuti msonkhano wapeza kuti ambulansi inachedwa chifukwa wosainira mafuta ndi munthu mmodzi yemwe usiku sapezeka, payenera kutuluka dzina la wokonza vutolo ndi tsiku lake, kenako pakatha miyezi itatu nkuyang'ananso manambala ngati maola odikira atsikadi. Kupanda kutero msonkhanowo ndi maliro achiwiri chabe, anthu kudandaula nkubalalika.

Inuyo achemwali chitani izi. Foni yanu ili ndi umboni, onani nthawi yomwe anakuimbirani, mukhale pansi ndi gadiyani yemwe anali nawo mulembe papepala nthawi zonse zomwe mukukumbuka, ngozi inachitika liti, anafika liti, ambulansi inanyamuka liti. Mupite nalo kwa ombudsman wa pachipatala, zipatala za boma zili ndi ofesi imeneyi yomva madandaulo a odwala ndi abale awo, mukapemphe kuti wina akufotokozereni zomwe zinachitika, mufunsenso ngati imfayi inaunikidwa. Mukaona kuti panali kulekerera kwenikweni, kuli Medical Council of Malawi komanso Nurses and Midwives Council of Malawi. Kufunsa si mwano, ndipo pepala lanulo mwina ndi lokhalo lomwe lingalumikize nkhani ya zipatala ziwirizo.

FUNSO: Bwana dokotala, ine ndimayendetsa kabaza pa siteji ina ku Matawale. Anzanga amakonda kunena kuti ukachita ngozi usalole kupita ku chipatala chachikulu chifukwa kumeneko nde kumafa anthu ambiri, bola tizipatala ting'onoting'ono anthu amatulukako amoyo. Nzoona zimenezi kapena ndi nkhani za pa siteji chabe?

YANKHO: Achimwene, anzanuwo awerenga maliro koma sanafunse kuti anthuwo anafika ali bwanji. Chipatala chachikulu chilichonse padziko pano chimakhala ndi imfa zambiri chifukwa nkomwe ena onse amatumiza odwala awo ovutikitsitsa. Kachipatala kakang'ono kamasoka mabala, wovulala mutu kwambiri kamamukweza ambulansi, akakamwalira uko imfayo imalembedwa uko. Nde kungowerenga mitembo nkumati chipatala ichi nchabwino ichi nchoipa ndi kunamizana.

Oyeza ntchito za zipatala amayamba ayeza kukula kwa kuvulalako. Pa mutu timagwiritsa ntchito Glasgow Coma Scale, yomwe madokotala awiri a ku Glasgow ku Scotland, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anakonza mu 1974. Timaona ngati munthu akutsegula maso, akulankhula, akusuntha manja ndi miyendo, malikisi amayambira 3 kulekezera 15. Inu ndi ine panopa tili pa 15, koma wa 8 kutsika mmunsi ali pachiopsezo moti olo njira yake yopumira imafunika kutetezedwa. Ndingonenako apa kuti sikelo ina yotere, ya ana okomoka ndi malungo a mu ubongo, yomwe maiko ambiri amagwiritsa ntchito, imatchedwa Blantyre Coma Scale chifukwa inakonzedwa kwathu konkuno. Anzathu a ku Uganda anakonza Kampala Trauma Score yomwe siifuna makina odula, imangotenga zinthu zisanu, zaka za munthu, BP, kapumidwe, kuzindikira, ndi kuchuluka kwa malo omwe wavulala kwambiri. Ukakhala ndi malikisi amenewa umatha kunena kuti mwa anthu ovulala motere timayembekezera kuti apulumuka angati, nde chipatalachi chapulumutsa ochuluka kuposa pamenepo kapena ochepa? Uku nde kuyerekeza kwachilungamo.

Ku England mu 2012 anakonza zoti ovulala kwambiri azipita nawo molunjika ku zipatala zikuluzikulu zosankhidwa, ambulansi kudutsa zing'onozing'ono panjira, ndipo patapita zaka kaundula wawo anaonetsa kuti mwayi wopulumuka unakwera. Kwathu kuno nthawi zambiri wofika koyamba pangozi si wachipatala, ndinu nomwe akabaza, nde mverani. Ngozi ikachitika mtauni muno, pa Matawale, Chinamwali, Mpondabwino, munthu wavulala kwambiri, lunjikani naye ku Central, ndi mphindi zochepa chabe. Mukakhala kutali ngati ku Chingale, yambirani chipatala chapafupi kuti aletse magazi nkuimbira ambulansi. Pomwe pakutuluka magazi dinikizani mwamphamvu ndi nsalu osasiya, khosi musalipotoze, musamupatse madzi kapena chakudya chifukwa mwina akupita ku thiyeta, ndipo wokomoka musamukhazike pa njinga pakati pa anthu awiri mutu uli lendelende, imitsani galimoto agone. Kenako kanthu kakang'ono koma kofunika, yang'anani nthawi pa foni ndipo mukafika muwauze anesi kuti ngoziyi yachitika 6:20. Namba imeneyo ndi yomwe imatiuza ngati maola 3 aja operekera mankhwala a wotaya magazi akadalipo.

WHO imati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo kwa a zaka 5 mpaka 29 palibe china chopha kuposa ngozi zapamsewu. Ambiri a inu pa siteji muli mu zaka zimenezo. Chipewa valani ndipo muzimanga lamba wake, pasenjala nayenso.

FUNSO: Ndine wophunzira ku Chirunga. Nzoona kuti wovulala pangozi sathandizidwa kuchipatala popanda lipoti la polisi?

YANKHO: Wovulala kwambiri thamangirani naye kuchipatala kaye, wina apite kupolisi. Lipotilo ndi lofunika pa za inshuwalansi ndi kukhoti, komanso limathandiza pa chiwerengero, chifukwa apolisi amadziwa omwe anafera pamsewu pomwepo osafika kuchipatala, pomwe chipatala chimadziwa omwe anamwalira patapita masiku, ndipo WHO imawerenga aliyense womwalira pasanathe masiku 30 chichitikireni ngozi ngati imfa ya pamsewu. Mabuku awiriwa akapanda kuphatikizidwa chiwerengero chimatuluka chochepa. Koma wina akafuna kukubwezani pakhomo chifukwa cha pepala munthu akutuluka magazi, funsani wamkulu wa shifiti nthawi yomweyo, nkhaniyo mukaisiyenso kwa ombudsman.

FUNSO: Adokotala, ndikuphunzira unamwino konkuno ku Zomba, pano ndili pa mapulakitiko. Kunena zoona mapepala atichulukira, usiku nesi mmodzi odwala mbwee, nde wina abwere kuti lembani nthawi, lembani BP pa fomu iyi ndi iyo ndi mu bukhu ilo. Mafomuwo akatengedwa sitimvanso kanthu. Ena amangolemba 120/80 kuti pasakhale mpata. Si bola nthawi imeneyo kungothandiza wodwala?

YANKHO: Mwana wanga, theka la dandaulo lanu ndikugwirizana nalo ndi mtima wonse. Fomu yongokwera kumtunda osabwerera ndi yankho imagwetsa ulesi, ndipo kulemba chinthu chimodzi malo atatu ndi vuto la okonza mafomu osati lanu. Kaundula wabwino amakhala wamfupi, ndipo manambala ake amayenera kubwerera pa khoma la wodi mwezi ndi mwezi kuti amene analemba aone okha kuti mwezi watha odwala athu amadikira nthawi yaitali bwanji, mwezi uno zasintha kapena ayi. Ku unduna wa zaumoyo kuli nthambi yoona za ubwino wa chithandizo, m'zipatala muli magulu oona za ubwino womwewo otchedwa QIST, ndi a mu wodi otchedwa ma WIT, kumeneko nkomwe muzikafunsa kuti deta yathu ija yanena chani. Muli ndi ufulu wofunsa olo muli wophunzira.

Koma za 120/80 yongopeka zija chonde musatengere. Mpata wopanda kanthu umanena zoona, umati apa sitinayeze, mwina makina analibe mabatire mwina nesi anali yekha, ndipo wounika amatha kukonza zimenezo. Namba yabodza imabisa wodwala yemwe akutha, tawerenganinso kalata ya achemwali a ku Chinamwali pamwambapa muone kufunika kwa manambala otsatizana aja. Imauzanso akuluakulu kuti zonse zili bwino, nde makina kapena nesi wina woti akuthandizeni usiku abwera bwanji?

Dokotala wina, Avedis Donabedian, analemba mu 1966 kuti chithandizo chimayezedwa mbali zitatu, zomwe muli nazo, zomwe mumachita, ndi zotsatira zake. Zomwe muli nazo ndi monga okosijeni, magazi mu furiji, ekisileyi yogwira ntchito, wogonetsa odwala wopezeka usiku. Zomwe mumachita ndi ngati wovulala wayezedwa atangofika, wodwalitsitsa waonedwa koyamba, jakisoni waperekedwa pa nthawi yake. Zotsatira ndi kuchira, kulumala kapena imfa. Ambiri amathamangira kuyang'ana chomalizacho, koma chapakaticho nde chili mmanja mwa nesi, ndipo ndi chomwe chimasintha msanga popanda kudikira ndalama zambiri.

Ku Khon Kaen ku Thailand chipatala chawo chinayamba kaundula nkumaunika imfa za ovulala, anapeza kuti ambiri akanapulumuka, nde anaika madokotala odziwa bwino opaleshoni kuti azipezeka ku casualty nthawi yomwe ovulala amachuluka, anakonza kulumikizana kwawo ndi mawailesi, nkumaphunzitsa madokotala atsopano. Imfa mwa ovulala ogonekedwa zinatsika kuchoka pa 6.1 kufika pa 4.4 mwa 100 aliwonse. Koma tisapite kutali. Ku Queens, mbali ya ana, atakonza malo olandirira odwala nkuyamba kusankha pakhomo pomwe kuti mwana uyu ndi wa pompopompo, uyu asachedwe, uyu atha kudikira pa mzere, imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 mwa 100 kufika pakati pa 6 ndi 8. Njira yosankhira ana odwala ya ETAT yomwe mukuphunzira mkalasiyo mizu yake ili pamenepo. Dziko linakhulupirira chifukwa panali anthu olemba manambala oona zisanasinthe ndi zitasintha.

Kwa akuluakulu a mawodi amene mukuwerenga, ndikupempheni. Msonkhano wounika imfa ukasanduka bwalo lokalipira wophunzira ndi nesi wa usiku, mawa lake aliyense amayamba kubisa ndipo mafayilo amayera koma odwala akufabe. Funso lizikhala lakuti chinamulepheretsa nchani munthuyu kuchita zoyenera, ndipo tingachichotse bwanji.

FUNSO: Ine ndi bambo wa zaka 46 wa ku Jali, ndimalima mpunga cha ku Chilwa. Chaka chatha ndinagwa pa lole ya matumba nkuthyoka ntchafu. Ndinagona mu wodi masabata 7 mwendo ataukoka ndi zolemera. Ndinatuluka wamoyo ndipo ndikuthokoza, koma mwendo unafupika, bondo silipinda, kumunda sindikutha, ana awiri asiya sukulu. M'mabuku mwawo ndine wochira. Alipo amene amawerenga anthu ngati ife?

YANKHO: Bambo, funso lanu landikhudza kwambiri chifukwa mwaloza penipeni pomwe makaundula ambiri amathera, pa geti la chipatala. Akalemba kuti watuluka basi nkhani yatha, pomwe kwa inu mpamene imayamba. Madera ena amapitirira pamenepo, monga ku Victoria ku Australia amaimbira foni ovulala kwambiri pakatha miyezi 6, 12 ndi 24 kufunsa ngati ululu ulipobe, ngati akuyenda okha, ngati abwerera kuntchito. Kuno mafoni afika paliponse, alangizi azaumoyo ali m'midzi mwathu, nde ine sindiona chotiletsa kuyamba olo ndi othyoka ntchafu okha, kuwafunsa mafunso atatu pakatha miyezi 6. Mlimi amene sakutha kulowa mmunda ndi chotsatira cha ngozi chimodzimodzi ndi maliro, kungoti sichilembedwa.

Kukoka mwendo si kulakwa ayi, ndi njira yomwe yathandiza anthu ambiri komwe zida ndi zochepa. Ntchito yambiri ya mafupa m'dziko muno imagwiridwa ndi ma orthopaedic clinical officer, makiliniko ofisa ophunzira za mafupa, maphunziro omwe anayambitsidwa mu 1985 ndi dokotala wa ku Canada, Ed Blair, poona kuchepa kwa madokotala a mafupa, ndipo pakanapanda iwo ambiri bwenzi tikutsimphina. Koma akafukufuku a konkuno ku Malawi anayerekeza anthu okokedwa mwendo ndi oikidwa chitsulo mkati mwa fupa, anapeza kuti a chitsulo amadzuka msanga nkubwerera ku zochita zawo, komanso kuti ukaphatikiza zonse, bedi, chakudya, nthawi ya anesi, kugoneka munthu masabata ambiri sikotchipa ngati mmene timaganizira. Izi zinadziwika chifukwa anthuwo anawalondola atatuluka kale mchipatala, ndipo umboni wotere ndi womwe umathandiza popempha kuti zitsulo ndi nthawi ya thiyeta zichuluke.

Inuyo musakhale pakhomo nkumati zinatha. Bwererani ku kiliniki ya mafupa mutatenga kabuku kanu ka kuchipatala ndi zithunzi za ekisileyi ngati munasunga. Apempheni ayeze miyendo yonse iwiri, kusiyana kukakhala kochepa nsapato yokwezedwa chidendene imathandiza kwambiri ndipo imateteza msana ndi chiuno. Bondolo likufunika a mafizo, ndi ntchito yowawa komanso ya miyezi koma nthawi zambiri limamasukako. Ngati pothyokapo pakupwetekabe mukaponda kapena mukumva ngati pakugwedera, nenani msanga chifukwa mwina fupa silinalumikizane bwino. Ndipo muwauze mosabisa kuti kumunda simukutha komanso ana asiya sukulu, mupemphe kuti zimenezo zilembedwe mu kabukumo, mufunsenso ngati pali a zachisamaliro cha anthu omwe angakuthandizeni pa za anawo. Mudzandilemberenso mukapitako, mundiuze kuti akuuzani zotani ndipo bondolo lafika popinda bwanji.